Singano ya pa Tsamba 31

Kwa zaka 22 ntchito yanga inali yoyendetsa galimoto ya mabuku. Inali laibulale ndithu, ya mashelefu mbali zonse ziwiri, kungoti inali ndi matayala. Lachiwiri lililonse ndinkakwera nayo chitunda cha ku Marlden n'kukaima pafupi ndi tchalitchi chakale, ndipo ndisanazime n'komwe injini, Mayi Lumb ankakhala atafika kale ndi chikwama chawo, akuyang'ana wotchi.

"Wachedwa, Maureen."

"Ndi mphindi ziwiri zokha, mayi."

"Kufakitale mphindi ziwiri ankakutsekera geti."

Muriel Lumb anabadwira m'nyumba nambala 9 pa mzere wa nyumba za antchito a fakitale, ndipo anakwatiwira m'nyumba nambala 31 pa mzere womwewo. Ankanena okha kuti ulendo wautali umene anayendapo pa moyo wawo unali wa makomo khumi ndi limodzi. Analowa m'fakitale ya nsalu zaubweya ali ndi zaka 15, natulukamo tsiku limene inatsekedwa, patapita zaka 41. Ntchito yawo inali yofuna zolakwika. Nsalu ikachoka pa makina oluka ankaiyala pa tebulo pafupi ndi windo, n'kumaisisita ndi zala mpaka atapeza pamene ulusi waduka kapena walumpha, kenako ankabwezeretsa ulusiwo ndi singano, moti ngakhale bwana wamkulu sakanaloza pamene panali chilema. Fakitale inatsekedwa koma maso awo sanapume pantchito. Batani la juzi yanga likayamba kugwedera, ankaliona iwo ine ndisanadziwe.

Mabuku ankawerenga a mtundu umodzi wokha, nkhani zachikondi za anthu apamwamba a zaka za m'ma 1800. Munali akalonga a mayina aatali ngati sitima, atsikana ovala magolovesi ofika m'chigongono, ngolo za akavalo, ndi madansi amene mnyamata akavina ndi mtsikana mmodzi katatu, ndiye kuti mzinda wonse wayamba kusoka zovala za ukwati. Pa sabata ankamaliza anayi, a zilembo zikuluzikulu. Ine, ndisaname, mabukuwo ndinkawaderera.

"Koma mayi, onsewa amatha chimodzimodzi," ndinatero tsiku lina.

"Nanga tiyi wako wa m'mawa amatha mosiyana? Bwanji umamwabe?"

Ndinangodinda mabukuwo n'kuwapatsa.

Vuto la mabuku amenewa n'lakuti amafanana ngakhale kunja. Pa chikuto chilichonse pali mkazi wa diresi lokhwekhwereza ndi mwamuna wa kolala yofika m'makutu, akuyang'anana ngati wina waba cha mnzake. Munthu amene wawerenga mazanamazana sangakumbukire chikuto. Ndiye amayi onse a m'midzi imene ndinkayenda anali ndi kachizindikiro kawo. Akamaliza buku ankalembamo ndi pensulo, kuti tsiku lina asadzanyamule kupita nalo kunyumba buku limene analiwerenga kale. Mayi Tordoff ankaika kamtanda mkati mwa chikuto chakumbuyo. Mayi Womersley ankazunguliza nambala ya tsamba 7. Malamulo a laibulale ankaletsa zimenezi, ndipo ine ndinali wosunga malamulowo, koma pa nkhani iyi ndinali wakhungu. Chizindikiro cha Mayi Lumb chinali m'munsi mwa tsamba 31, nambala ya nyumba yawo. Ankajambula kasingano, ulusi utalowa bwinobwino pa kabowo n'kupindika kumapeto.

Amuna awo, a Clifford, anali okonza makina oluka m'fakitale yomweyo. Anali munthu wamfupi, wa kapu yosachoka kumutu, ndipo chuma chawo chinali nkhunda za mpikisano zimene ankaweta m'khola la matabwa kumtunda kwa dimba. Atapuma pantchito ankaswera kukholako. Lachinayi lokha ndiye ankakwera basi kupita ku tauni ya Brigthorpe kukagula chakudya cha nkhundazo. Mabuku a akazi awo anali nawo pa nkhondo. Nthawi zina ankawaperekeza kudzafika pa galimoto yanga, koma kukwera ayi, ankaima pakhomo manja ali m'matumba.

"Muriel, kalonga wakoyo wakwatira kale, kapena tidyanso mochedwa lero?"

"Kadyeni ndi nkhunda zanu. Si ndiwo akazi anu aang'ono?"

"Nkhunda zanga zimabwera kunyumba pa nthawi yake. Sizikomoka zikaona mwamuna wa ndevu za m'masaya."

Anakhala akunyogodolana choncho zaka 48. A Clifford anamwalira ndi matenda a mtima m'nyengo yozizira, nkhunda anazitenga mnzawo wa kumpikisano, khola linatsala lokhoma. Lachiwiri lotsatira maliro Mayi Lumb anabwera monga mwa masiku onse, natenga mabuku anayi. Ndinaona kuti pakhomo la galimoto anayang'anapo kawiri.

Panali chinthu chimodzi chimene mayiwa ankachiopa kuposa imfa. Amayi awo owabereka anadwala matenda oiwala. Anayamba ndi kuiwala ketulo pamoto, anamaliza ndi kusazindikira mwana wawo yemwe, ndipo Muriel anawasamala zaka zisanu ndi chimodzi akumutchula kuti nesi. Chifukwa cha zimenezo anapangana ndi mwana wawo Trevor, amene ankakhala ku Leeds, kuti tsiku limene mutu wawo udzayambe kusokonekera, iwo eni adzanena, nyumba idzagulitsidwa, ndipo adzapita kunyumba yosungirako okalamba popanda kukokedwa. Pangano limeneli anandiuza okha, ndipo ndinkawadziwa kuti sanali munthu wobweza mawu.

Patapita zaka zitatu a Clifford atamwalira, laibulale ya ku Brigthorpe inatsekedwa, mabuku ake anagawidwa, ndipo ine ndinalandira makatoni asanu ndi limodzi. Ndinakondwa, poti amayi a m'midzi yanga anali atayamba kudandaula kuti mashelefu anga awamaliza. Ndinawasakaniza ndi akale osaganiza kanthu. Paja chakudza sichiyimba ng'oma.

Lachiwiri lina Mayi Lumb anasolola buku, natsegula tsamba 31 monga mwa chizolowezi, naona singano, ndipo anali pafupi kulibweza. Kenako anaima. Anawerenga tsamba loyamba, nawerenganso lachiwiri, milomo ikugwedera.

"Ili sindikulikumbuka," anatero motsitsa mawu.

"Mwawerenga ambiri, mayi."

"Ndawerenga ambiri, koma ndikaona tsamba loyamba ndimadziwa."

Analitenga bukulo. Masabata otsatira ndinaona kuti asintha, koma nzeru zanga zinathera pa kuganiza kuti ndi nyamakazi. Za kuchedwa kwanga anasiya kunena. Batani langa linathothoka, iwo osaliona. Ankangoima pa shelefu kutsegula buku ili ndi ilo pa tsamba 31, ena n'kubweza, ena n'kuika m'chikwama mofulumira ngati akubisa.

Sabata yachisanu ndi chimodzi anadikira mpaka Mayi Tordoff atatsika. Ndiye anatulutsa mabuku asanu, nawasanja pa tebulo langa, naika khadi lawo pamwamba.

"Ulitseke khadi ili, mwanawe. Sindidzabweranso."

"Mwakwiya nane?"

"Ndikanakwiya ukanadziwa kale. Mabuku asanu awa onse muli singano yanga. Ndawawerenga kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, ndipo palibe ngakhale tsamba limodzi limene ndikulikumbuka. Ili muli mtsikana amene akubisa mchimwene wake m'chipinda cha padenga. Ungaiwale zimenezo iwe?"

"Mwina munawerenga kalekale."

"Usandinyengerere ngati mwana. Tsegula."

Ndinatsegula. Kasingano kanalipo m'munsi mwa tsamba, ka pensulo.

"Tayang'ana ulusiwo," anatero. "Wadutsa pambali. Sunalowe pa kabowo. M'mabuku onse asanu zili choncho. Ine Muriel Lumb, zaka 41 singano ili m'manja, ndajambula ulusi kunja kwa singano, ndipo sindikudziwa kuti ndinajambula liti. Amayi anga anayamba chonchi."

Anandiuza kuti Trevor anamuimbira kale foni. Mnyamatayo analira, nawapempha kuti ayambe aonana ndi dokotala, koma iwo anati pangano ndi pangano. Loweruka ankabwera kudzawatenga kukaona nyumba ya okalamba ya kufupi ndi kwawo, ndipo Lolemba kunkabwera munthu wodzaona nyumba nambala 31 kuti aike chikwangwani chogulitsa. Anandigwira dzanja, chinthu chimene anali asanachitepo, natsika masitepe pang'onopang'ono, chikwama chili chopanda kanthu. Zinandipweteka kwambiri.

Masana ndinkaima pambali pa msewu wa pamwamba pa chitunda kudya buledi wanga wa tchizi ndisanatsikire mudzi wotsatira. Tsiku limenelo buledi ndinamuika pambali. Ndinatenga mabuku asanu aja kuti ndiwabwezere m'shelefu, ndipo mwaukali ndinagwedeza limodzi, monga timachitira pofuna matikiti a basi amene anthu amaiwalamo. Palibe chinagwa. Koma nditaliponya pa tebulo, kapulasitiki kokutira chikuto kanafutukuka, ndipo m'kati mwake munatuluka kanthenga kotuwa, kakang'ono ngati chikhadabo.

Ndinakayang'ana kanthawi. Kenako ndinachita chimene ndinayenera kuchita m'mawa, ndikanakhala kuti mutu wanga unali pantchito. Ndinatsegula chikuto chakutsogolo. Chidindo chinali cha laibulale ya ku Brigthorpe. Buku lachiwiri, Brigthorpe. Onse asanu anali a m'makatoni aja, ndipo anali asanakwerepo galimoto yanga mpaka chaka chimenecho. Mayi Lumb ku laibulale ya m'tauni anali asanapondeko phazi, ankati masitepe ake ndi a anthu opanda mawondo. Anthu awiri ophunzitsidwa kuona, wina wa nsalu wina wa mabuku, tinathamangira tsamba 31 tonse, osayang'ana chidindo cha mkati mwa chikuto.

Ndinatsika chitunda mpaka pa kanyumba ka foni, n'kuimbira Glenys, mnzanga amene anagwira ntchito ku Brigthorpe mpaka kutsekedwa kwake.

"Glenys, kunali ndani kwanuko wojambula singano pa tsamba 31?"

"Moni kaye, iwe. Unaleredwa ndi ndani?"

"Moni. Singano."

Anaseka. "Bambo a kapu aja, onunkha nkhunda. Lachinayi lililonse, ndi thumba la chimanga cha mbalame kukhwapa. A Lumb. Ankatenga awiriawiri n'kuwakwirira pansi pa chimangacho."

"Ankati ndi a ndani?"

"Ankati ndi a akazi awo, ndipo singanoyo ankati ndi ya akazi awo. Koma Maureen, mwamuna wongotumidwa sabwera kudzakudandaulira kuti kalonga wa m'buku la sabata yatha anali chitsiru, akanangomuuza mtsikanayo zoona pa dansi loyamba. Tsiku lina ndinawaona ndi maso angawa akujambula ndi kapensulo kawo ka kukhutu. Tonse tinkadziwa. Tinkangowasungira ulemu."

Amayi a mudzi wotsatira anandidikira ola lathunthu tsiku limenelo, ndipo sanandikhululukire mpaka Khirisimasi. Ndinatembenuza galimoto n'kukwereranso ku Marlden, ndipo kamsewu ka pa mzere wa nyumba za fakitale ndinakatseka konse.

Ndinawapeza kukhitchini akukulunga mbale zawo za ukwati m'manyuzipepala.

"Waiwala chiyani?" anafunsa. "Kapena nawenso wayamba?"

"Khalani pansi, mayi."

"M'nyumba mwanga undiuze pokhala?"

Koma anakhala. Ndinatsegula mabuku onse asanu pa chikuto chakutsogolo n'kuwaonetsa zidindo. Ndinawafunsa ngati anabwerekapo buku ku Brigthorpe, anati ayi. Ndinawauza kuti mabukuwa afika pa galimoto yanga miyezi iwiri yokha yapitayo, choncho sakanatha kuwawerenga kale. Anandiyang'ana osaphethira.

"Ndiye singanoyo wajambula ndani? Pali wina amene waba chizindikiro changa? Ngati ndi Tordoff uja..."

Ndinaika kanthenga kaja pa tebulo.

Anakatola ndi zala ziwiri, nakayandikitsa kuwindo monga ankachitira ndi ulusi. Sanafunse kuti n'ka mbalame yanji. Ndinawafotokozera zonse zimene Glenys ananena, za Lachinayi, za thumba la chimanga, za kapensulo ka kukhutu, mpaka za kalonga wopusa uja. Iwo maso anali pa windo, kumene kumtunda kwa dimba kunkaoneka khola lokhoma lija.

"Tandipatsa bukulo."

Anavala magalasi, natsegula tsamba 31, nayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Ulusi wadutsa pambali," anatero pomaliza. "Inde. Udutse pati nanga? Munthu ameneyu chibadwire sanalowetsepo ulusi pa singano. Batani likathothoka ankabwera nalo kwa ine ngati wanyamula mwana wodwala."

Kenako anaomba tebulo ndi chikhatho mpaka mbale zinalira.

"Nkhalamba yabodza! Wonama wa kapu! Zaka zonsezi akundiseka ine pamaso pa anthu, iye ali khale m'khola ndi akalonga anga! Ndinkadabwa ine, nkhunda khumi ndi ziwiri zokha n'zoswera nazo tsiku lonse? Ndikamuitana kudzamwa tiyi ankati, ndikubwera Muriel, ndatsala pang'ono. Watsala pang'ono chiyani? Kani anali atatsala masamba!"

Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo kusekako kunasanduka kulira, ine n'kulira nawo, galimoto ya boma ili chitsekere msewu panja. Atapukuta maso anandigwira pamkono mwamphamvu.

"Maureen, undiuze zoona, usandikomere mtima. Ndiye kuti mutu wanga uli bwino?"

"Mabuku asanu amene simunawawerengepo, inu munanena kuti simunawawerengepo. Singano yanu yomwe inakutsutsani, inu munakanabe. Mutu wotero ine ndikuufuna."

Anatulutsa mpweya wautali, mapewa n'kutsika. Ndinaona nkhope yawo ikubwerera ngati munthu amene wavula nsapato zothina. Mtima wanga nawonso unakhala pansi, ndipo ndinadzikokera mpando osapemphanso.

"Juzi yakoyo yasowa batani," anatero. "Ukuyenda choncho chiyambire liti?"

"Masabata atatu."

"Manyazi ulibe. Vula."

Anaisoka pompo, ketulo ili pamoto, ndipo ulusi analowetsa kamodzi kokha.

Trevor anamuimbira foni ine ndili pomwepo. Ndinkamva mawu ake akutulukira pa foniyo, akufunsa katatu ngati akunena za abambo ake omwewo. Loweruka anabwerabe, koma m'malo mopita ku nyumba ya okalamba anathyola loko wa khola. Pansi pa benchi anapezamo mpando wa khushoni, magalasi owerengera amene amayi ake anawataya kalekale, ndi kapensulo. Galu wamkota sakandira pachabe. Mayi Lumb kwa dokotala anapitabe, poti Trevor anaumirira, ndipo ndinamva kuti anayankha mafunso onse n'kumuuzanso dokotalayo kuti mpendero wa thalauza lake wasomboka. Munthu wa chikwangwani uja anamubweza ali pakhomo.

Lachiwiri lotsatira ndinachedwa mphindi zinayi, ndipo anandiwerengera zonse zinayi. Khadi lawo ndinali ndisanalitseke. Sanapite ku shelefu, anaima pa tebulo langa.

"Makatoni ajawa anali angati?"

"Asanu ndi limodzi. Ena anapita ku magalimoto ena."

"Undifunire onse a ulusi wa pambali. Ngakhale ali ku magalimoto enawo, uwaitanitse. Ndikufuna ndione zimene ankawerenga wonama ameneyu."

Tinapeza mabuku 63. Anzanga a magalimoto ena ankandiseka kuti ndapenga, kuitanitsa mabuku osatchula dzina la buku ngakhale la wolemba, kungoti tsegulani tsamba 31. Mayi Lumb anawawerenga onse m'miyezi isanu, ndipo buku lililonse pobweza linkabwera ndi chiweruzo. "Ili ayenera kuti analikonda, muli mahatchi ambiri." "Ili sindikhulupirira kuti analimaliza, a Clifford analibe chipiriro ndi amuna olira." Anakhalabe m'nyumba nambala 31 zaka zina zisanu ndi zinayi, ndipo anamwalirira momwemo, akudziwa dzina la aliyense.

Chimene ankachita m'mabukumo ndinachitulukira pa buku lachitatu kapena lachinayi. Ndinayembekeza kupeza singano yachiwiri pambali pa ya a Clifford, koma singano inali imodzi yomweyo. Ulusi wa pambali uja anali ataufufuta mosamala, n'kujambula wina wolowa pa kabowo, wopindika kumapeto.

"Mayi Lumb," ndinatero, "mukudziwa kuti malamulo salola kulemba m'mabuku a laibulale?"

"Sindikulemba, ndikukonza," anayankha akutseka chikwama. "Zaka 48 ndakhala ndikumulowetsera ulusi munthu ameneyu. Ndisiyirenji lero?"